Dzino la a Gasiyano

M'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi munalibe munthu amene ine ndikanalephera kumukhazika pampando wanga. Mawu amenewa ndinkawanena kuntchito, ndinkawanena pabawo, ndinkawanenanso potuluka m'tchalitchi anthu akamandilambalala atagwira pakamwa. Ndinkati bweretsani nkhalamba yamakani, bweretsani msilikali wopuma, bweretsani mayi amene wayang'ana kale njira yothawira, ine ndicheza naye, ndipo pomaliza ayasamula yekha. Luso limeneli sindinalitole kusukulu ya zamano ayi. Ndinalitola pamsika wa Madisi, pomwe ndinakulira ndikuthandiza agogo anu kugulitsa mbuzi. Ndinagulitsapo mbuzi yotsimphina wogula n'kuchoka akundithokoza, ndiye ndinkaona ngati palibe munthu amene angandikanike.

Ana anga, mutu uno ndi wa ntchito yanga yozula mano, komanso ndi wa amalume anu a Gasiyano. Za imfa yawo mwakhala mukuzimva m'zidutswazidutswa kwa anthu akumudzi kwa amayi anu, ine ndili chete. Mdzukulu wanga uja akuphunzira ku Lilongwe anandiuza tsiku lina kuti Azungu ali ndi liwu lakelake lonena za kuopa ndi kunyoza madokotala a mano. Analitchula, ine ndinaliiwala tiyi asanazizire. Kwathu kuno liwulo tilibe. Tili ndi chinthu chenichenicho, ndipo ndakalamba ndikukangana nacho mtengo.

Ku Ntchisi, m'zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pachipatala china chaching'ono kuseri kwa mapiri, kumene basi inkafika ikafuna yokha. Ndinatsika ndi sutikesi, satifiketi ndi kabokosi ka zozulira. Mkulu wa pamalopo anali a Nyirenda, munthu wamtali wosadziwa kuseka. Anandiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha ufa. "Ndinu a mano aja?" Ndinati eya, bwana. Iwo anati, "Chabwino. Tili ndi anamwino, tili ndi alonda, tsopano tapeza kalipentala wozula misomali." Anandipatsa kachipinda komwe ankasungiramo makasu ndi zidebe zobooka, kumapeto kwenikweni kwa khonde, pafupi ndi kanyumba kogonekamo omwalira. Ankati odwala enieni asamamve kukuwa. Pa misonkhano ya ogwira ntchito dzina langa linkatchulidwa pambuyo pa wochapa zofunda. Ine ndinkaseka nawo, chifukwa mpando wanga unali wachitsulo wopopa ndi phazi, pamene a Nyirendawo ankakhalira wathabwa wa mwendo umodzi womanga ndi waya.

Milungu yoyambirira ndinkangopukuta mpandowo. Anthu odwala mano analipo ambiri, ndinkawaona pamzere wa mankhwala atamanga nsalu kuchibwano, koma ankapempha asipirini n'kubwerera. Nditayamba kuwafunsa ndinaphunzira mndandanda wa milandu yanga. Akuti ukazula dzino lam'mwamba diso limachita khungu. Akuti jakisoni wa m'kamwa amafooketsa mwamuna m'nyumba. Akuti ukazula dzino tsaya litatupa, munthu amafa. Ndipo mlandu waukulu unali wakuti mano ozulidwawo ndimawasunga m'botolo n'kumagulitsa kwa anthu ofuna zizimba zokokera fodya wa m'minda ya anzawo. Ndinali ndisanazule ndi dzino limodzi lomwe, koma kumudzi ndinali kale wolemera.

Apa m'pomwe mwana wa wogulitsa mbuzi anadzuka. Pamsika munthu akati mbuzi yako ndi yowonda, sutsutsana naye, umangomuwonjezera chingwe chaulere. Tsono ine ndinayamba kubweza mano. Ndikazula, ndinkalitsuka, n'kulikulunga m'kapepala, n'kumupatsa mwini wake m'manja, ndikunena mokweza kuti a pakhonde amve, "Nali dzino lanu, mayi, liwerengeni mizu, yonse ilipo. Mukalikwirire nokha." A Nyirenda atamva anandiitanitsa. "Malamulo akuti chotuluka m'thupi la munthu chipite kudzenje." Ndinati, "Bwana, dzino la m'dzenje silindiitanira munthu. Ili likapita kumudzi limakalalikira." Iwo anangoti ndizichita zimenezo iwo asakuona. Chaka chisanathe pakhonde langa panali benchi, ndipo benchiyo inkadzaza. M'pamene ndinayamba kudzitama kuja.

Ku Dowa, m'zaka za m'ma 1990

Atandisamutsira ku Dowa, pachipatala china cha kumidzi, ndinakumana ndi amayi anu, a Nabanda, mtsikana wa cha ku Nachisaka. Mwini mbumba kwawoko anali mlongo wawo wamkulu, a Gasiyano, mlimi wa fodya amene ankayambitsanso nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi. Anali ndi mawu oti akayamba nyimbo ya Mariya, malata ankachita kunjenjemera. Ankhoswe anga atapita kukafunsira, iwo anati, "Anyamata onse atha m'dziko muno kuti mlongo wanga akwatiwe ndi munthu wodyera magazi a m'kamwa mwa anzake?" Ndinapita ndekha. Ndinawapeza akusoka fodya pachigafa, ndinakhala pansi n'kuyamba kusoka nawo osaitanidwa. Dzuwa likupendeka anati, "Kusoka simutha, koma kulankhula mumatha. Mtengeni. Koma m'kamwa mwa m'bale wanga aliyense musadzalowemo." Ndinavomera, podziwa kuti pamsika mawu oyamba si omaliza.

Chodabwitsa n'chakuti tinagwirizana kwambiri. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkakhala pabawo pansi pa mtengo wa mango kwawoko, tikunyozana mpaka akazi kutiitana. Iwo ankanditcha alamu a pulayazi. Ine ndinkawatcha alamu a belu. Inu mukabadwa, oyamba kufika ndi nkhuku anali iwo.

Dzino lawo ndinaliona koyamba akuimba. Ndinali pabenchi yachiwiri, iwo atatsegula pakamwa ponse pa Aleluya, ndipo ndinaona kadontho kakuda pa dzino lotafunira lam'munsi, chakumanzere. Ntchito imeneyi ndi yoipa, anzako akuona kumwamba iwe ukuona dzino lofumbwa. Pabawo ndinawauza. Nthawi imeneyo dzinolo linali longofunika kumata, ndipo mankhwala omatira ndinali nawo otsala pang'ono m'kabotolo. Ndinati, "Alamu, bwerani mawa. Sindizula, ndingotseka kabowo." Iwo anati, "Amatero onse opha nkhumba, amayamba ndi kuikanda pamimba."

Kabotolo kaja kanatha, ndipo ena sanabwerenso. Makina obowolera mano anafa, anawatenga kuti akakonze ku Lilongwe, mpaka ndinapuma ntchito asanabwerere. Chimene chinatsala m'manja mwanga chinali chozulira basi. Choncho anthu akamati, "Uyo amangodziwa kuzula," ndinkapsa mtima, koma sankanama. Munthu ankabwera ndi dzino loti kwina akanalipulumutsa, ine n'kumubwezera lili m'kapepala.

Tsono pamsika wa Chezi panali mkulu wina, a Kwenda, amene sankazula. Iwo ankatulutsa mphutsi. Ankawotcha phale mpaka kufiira, n'kuthirapo njere za nthula zosakaniza ndi mafuta, n'kuvundikira ndi chikho chobowola chokhala ndi bango. Wodwala ankaika bangolo padzino n'kulandira utsi. Pomaliza a Kwenda ankagogoda chikhocho m'beseni la madzi, ndipo m'madzimo munkayandama tinthu toyera topindikapindika. "Ndi izo zimakudyanizo," ankatero, anthu n'kugwira pakamwa. Utsiwo unkaziziritsadi ululu masiku angapo. A Gasiyano ankapita kumeneko dzino likawavuta, ndipo ankabwerako akununkha utsi wowawa umene sindidzauiwala.

Tsiku lina ndinathyola nthula kuseri kwa khola la a Gasiyano, ndinawotcha phale, ndinavundikira chikho popanda munthu woyasamulapo, ndipo timphutsi tija tinatuluka chimodzimodzi. Ndi mitima ya njere chabe, ikapsa imatumphuka n'kupindika. Ndinaimirira ngati ndagwira wakuba. A Gasiyano anayang'ana m'beseni, anakanda mutu, n'kunena kuti, "Mwina n'zoona, alamu. Koma kwa a Kwenda ndimabwerako ndi mano anga onse. Kwa inu amabwerako ndani wathunthu?"

Ndinayesa njira zonse za pamsika. Ndinawatsitsira: palibe kukhala pamzere, mulowera khomo lakumbuyo, palibe adziwe. Anakana. Ndinawawonjezera: ndikusokerani fodya chaka chonse. Anati kusoka kwanga n'chilango. Ndinachita monga amachitira wogula wochenjera, kunyamuka ngati ndataya chidwi, miyezi ingapo osatchula za dzino, kuti andiitane okha. Sanandiitane. Ndinabetcha pabawo kuti ndikawadya akhale pampando. Ndinawadya, anthu akuona. Iwo anaseka, anabweza nkhomo m'maenje, n'kunena mawu amene aliyense anawamva: "Tsiku limene ine ndidzakhale pampando wanu uja, alamu, mudzauziretu kalipentala ayambe kupala matabwa." Tonse tinaseka. Ine ndinayankha kuti, "Mudzakhalapo, ndipo mudzandithokoza." Tinapatsana dzanja ngati anthu amene agwirizana malonda.

Dzinja lina, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000

Mvula ya chaka chimenecho inagwa mosalekeza, ndipo mtsinje wa pakati pa ife ndi msewu waukulu unakokolola mlatho. Ambulansi inatsekeredwa tsidya lina. Mankhwala ochititsa dzanzi anali atatha kale Khirisimasi isanafike, moti ndinkangobweza anthu ndi mapiritsi. A Gasiyano anali asanaoneke kutchalitchi Malamulungu angapo. Nditafunsa, akazi awo anati ali kumunda, fodya wachuluka ntchito. Pambuyo pake ndinamva kuti iwo eni ake analamula kuti alamu a pulayazi asauzidwe.

Anabwera nawo m'mawa pangolo, atawafunditsa pepala la pulasitiki. Amayi anu anathamangira kuchipinda changa ali ndi ufa m'manja. "Bambo a Tereza, achimwene afika." Nditatuluka sindinawazindikire. Tsaya lamanzere linali litatupa mpaka kutseka diso, chotupacho chitatsikira pansi pa chibwano, cholimba ngati thabwa, chotentha. Pakamwa pankangotseguka polowa chala chimodzi. Malovu ankangotuluka chifukwa kumeza kunali kutakanika. Pamwamba pa fungo la mafinya panali fungo lija la utsi wa nthula.

Mkulu wa chipatala nthawi imeneyo anali Mayi Chisale, munthu wanzeru amene sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Anawayeza, anawabaya jakisoni wa penisilini amene tinali naye, anawaika diripu, kenako anandikokera pambali m'khonde. Anati, "Achimwene, mukuona zimene ndikuonazi?" Ndinati ndikuona. Mafinya anali atayamba ulendo wopita kukhosi, ndipo akafika kumeneko munthu amabanika. Malo ake anali chipatala chachikulu, kumene akanawagoneka tulo n'kung'amba pansi pa chibwano. Ife tinalibe zimenezo, ndipo mtsinje unali usanaphwe.

Mayi Chisale anati, "Ndikuuzeni monga mlongo wanu. Musawakhudze. Tiwasunge pa jakisoni mpaka madzi atsike. Akatisiya tikudikira, anthu adzati ndi mtsinje. Koma akatisiya mutawazula, adzati ndi inu. Mukudziwa zimene amanena za dzino lotupa. Benchi yanu ija mwaidzaza movutikira. Idzakhala yopanda munthu, ndipo amene adzaope kubwera adzafika ngati awawa."

Ndinafunsa kuti, "Nanga ndikazula, mwayi ulipo?"

Anati, "Ulipo, wochepa. Mafinya angapeze potulukira. Koma popanda dzanzi, pakamwa posatseguka. Chisankho ndi chanu, ine sindikuletsani."

Ndinaima pakhonde paja ndikuyang'ana mvula. Moyo wanga wonse ndakhala wotsatsa malonda, ndipo ndimadziwa kuwerengera chimene ndipereke ndi chimene ndilandire. Apa mbali imodzi panali dzina langa, ntchito yanga, ndi anthu amene ndinali ndisanawaone, odzadwala chaka chamawa. Mbali inayo panali kamwayi kakang'ono ka munthu mmodzi amene ankanditcha alamu a pulayazi. Wamalonda aliyense wanzeru akanasunga dzina. Ndinapita kukaphika zozulira.

Koma eni dzino anali asanavomere. Ndinakhala pamphepete pa bedi, akazi awo ndi amayi anu ataima kumutu. Ndinati, "Alamu, lero sindinabwere ndi nthabwala. Dzino lija likukuphani. Ndikufuna kulichotsa, ndipo jakisoni wa dzanzi ndilibe. Zipweteka kuposa chilichonse chimene munamvapo. Sindikulonjeza kuti muchira. Ndikungoti tikalisiya, mwayi ndi wocheperapo."

Akazi awo analira. "Ayi, alamu, chotupa sazula! Mutiphera munthu!"

A Gasiyano anakweza dzanja kuti akhale chete. Mawu awo ankatuluka pakati pa mano, ngati munthu wolankhula ali m'thumba, moti ndinachita kuwerama. Anati, "Lero simukutsatsa bwino. Mwayamba ndi kunyoza katundu wanu."

Ndinati, "Katundu ndi woipadi. Koma msika wonse watsala ndi ameneyu."

Anatseka diso lija lotsala, anapuma movutikira, kenako anati, "Mundibwezera dzino langa."

"Ndikubwezerani."

"Ndikakuwa, a kwaya asamve."

"Samva."

"Ndipo ndiyenda ndekha. Osandinyamula."

Anayendadi okha khonde lonse lija, atagwira khoma, namwino atanyamula diripu pambuyo. Anthu a pabenchi anaimirira n'kuwapatsa njira. Atafika pakhomo anauyang'ana mpando uja nthawi yayitali, monga umayang'anira munthu amene wakhala ukumumva mbiri yokha. Kenako anakhala. Ndinapopa ndi phazi, mpando unakwera, ndipo ndinatenga zozulira.

Za mkati mwa chipinda chija sindilemba zambiri. Ndinatsegula nsagwada pang'onopang'ono ndi timitengo topanikizira lilime, kuwonjezera kamodzikamodzi, iwo akubuula. Alonda awiri anawagwira mapewa. Dzinolo linali litatha pamwamba, linathyoka nditangoligwira, ndipo mizu ndinachita kuikumba umodziumodzi. Sanakuwe. Anang'amba chikopa cha pamkono wa mpando ndi zikhadabo, ndipo chibowocho chinalipo mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito. Muzu womaliza utatuluka, mafinya anatsatira, ambiri, ndipo ndinamva mumtima mwanga kachiyembekezo. Ndinatsuka zidutswa zija, ndinazikulunga m'kapepala, ndinaziika m'dzanja lawo. "Nali dzino lanu, alamu. Mizu yonse ilipo."

Madzulo a tsiku limenelo anapezako bwino. Anamwa phala lamadzimadzi ndi kasupuni. Nditapita kukawaona anandikodola, ndinawerama, iwo anati, "Mwapambana, alamu. Ndakhalapo." Ndinati, "Kwatsala kundithokoza." Iwo anati, "Zimenezo mawa. Musafulumire ngati wakuba." Ndinatuluka m'chipindamo ndikuseka, ndipo ndinauza amayi anu kuti akaphike, achimwene awo achira.

Kutacha, chotupa chinali chitawolokera mbali ina ya khosi. Kupuma kunkamveka ngati mluzu. Masana madzi anatsika pang'ono, amuna a m'mudzi anawanyamula pamachira n'kuwoloka nawo madzi ali m'chiuno, ine ndikunyamula diripu pamwamba pa mutu. Tsidya lija tinapeza lole ya feteleza imene inatitengera ku Lilongwe. A Gasiyano anatisiya tikulowa pachipata cha chipatala chachikulu, mutu wawo uli pamiyendo panga. Dokotala amene anatilandira anayang'ana, anandifunsa zimene ndinachita, n'kunena kuti iyenso akanachita zomwezo, kungoti munthuyu anachedwa ndi milungu. Mawu amenewo anawamva ndi ine ndekha, ndi dalaivala wa lole.

Maliro, ndi zimene zinatsatira

Kumudzi nkhani inafika mtembo usanafike, ndipo inafika yaifupi: a Gasiyano anayenda okha kukakhala pampando, anawazula chotupa, tsiku lotsatira anamwalira. Palibe liwu limodzi labodza m'nkhani imeneyi, n'chifukwa chake sindinathe kulimbana nayo. Amene analipo pabawo paja anakumbukira za kalipentala ndi matabwa, ndipo ankanong'onezana kuti munthuyo anadziwiratu. Pasiwa, amayi ena ankalira motchula kuti, "Munakana, achimwene, munakana, anakukakamizani!" Adzukulu okumba manda, amene mwambo umawalola kunena chilichonse, ankati ndikamadutsa onse n'kutseka pakamwa ndi manja ali ndi dothi, wina n'kufuula kuti, "Bisani mano, afika!" Pamaliro ena ndikanaseka nawo. A Kwenda analipo, anakhala pakati pa akuluakulu, anthu akuwapatsa moni wa manja awiri. Anandipepesa mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti analiradi ndi mtima wonse, chifukwa nawonso ankawakonda.

Kapepala kaja ndinakapeza m'dzanja lawo m'lole muja, ndipo ndinakasunga m'thumba la malaya. Asanatseke bokosi ndinaimirira. Ndinapita kwa mlongo wamkulu wa malemuwo, mayi aakulu anu aja, ndinagwada, ndinafunyulula kapepalako kuti aliyense aone. Ndinati, "Tinapangana kuti ndidzawabwezera. Apite athunthu." Iwo anayang'ana zidutswazo, anaziwerenga ndi chala, anazikulunganso, n'kuziika m'thumba la jekete la malemuwo. Kwaya inayamba nyimbo, koma panalibe woiyambitsa bwino, inayamba pawiri.

Zimene ananena Mayi Chisale zinachitika monga anazinenera. Benchi yanga inakhala yopanda munthu mpaka fodya anagulitsidwa, ndipo ngakhale pambuyo pake sinadzazenso ngati kale. Amene ankabwera ankabwera mochedwa, atatupa, atayamba adutsa ku Chezi. Ena ndinawapulumutsa. Ena ayi, ndipo aliyense wa amenewo ankawonjezera umboni pa mlandu wanga. Mayi Chisale sanandikumbutsepo kuti anandichenjeza. Tsiku lina anangondibweretsera tiyi kuchipinda kwanga, anakhala pampando wa odwala uja, anagwira pachibowo cha zikhadabo, n'kunena kuti, "Akanakhala mlongo wanga, nanenso ndikanakupemphani kuti muzule." Ndinapempha kuti andisamutse, koma kulikulu anati a mano ndi osowa, ndikhale pomwepo. Ndinakhala mpaka kupuma.

Amayi anu sanandinenepo. Anandisamalira, anandiphikira, ndipo achibale awo akamalankhula zopweteka iwo ankangonyamuka n'kuchoka. Ndinkaganiza kuti m'nyumba mwanga mokha ndi mmene mlandu uja unathera. Patapita zaka, ndinaona kuti akutafunira mbali imodzi. Ndinafunsa, anati ndi chimanga chokazinga chawalasa. Loweruka lina anati akupita kumsika kukagula mchere. Atabwera, ndinalandira dengu pakhomo monga mwa masiku onse, ndipo pachitenje pawo panali fungo lija. A Kwenda anali atamwalira kale, koma mwana wawo anatenga phale ndi chikho. Ndinaima ndi dengu m'manja. Ine amene ndinagulitsa mbuzi yotsimphina, ine amene ndinkati palibe wondikanika, ndinangofunsa kuti, "Mchere wakwera?" Iwo anati, "Wakwera." Dzino limenelo anakalizulitsa ku Lilongwe ataperekezedwa ndi Tereza, kwa dokotala wachilendo, ine osadziwa. Ndinamva zitatha.

Lero

Ndikulemba zimenezi ndili pakhonde kuno ku Madisi, mano anga enieni atatsala owerengeka, ndipo ndikuuzeni zoona, nanenso ndikakhala pampando wa mnyamata amene analowa m'malo mwathu ndimagwira mkono wa mpando mwamphamvu. Iye ali ndi makina obowolera, masiku amene magetsi alipo. Amandiuza kuti anthu akumuopabe, ndipo ena akamukana amatchula nkhani ya woimba wina wa ku Nachisaka amene anafera dzino. Sadziwa kuti akuuza mwini nkhani.

Bawo ndinasiya. Koma nthawi zina ndimabwereza malonda aja m'mutu, monga amachitira munthu pobwera kumsika. Ine ndinati adzakhala pampando wanga, ndipo anakhalapo, anavomera ndi pakamwa pawo kuti ndapambana. Iwo anati tsiku limenelo kalipentala apale matabwa, ndipo anapala. Dzino lawo ndinawabwezera. Zikomo wanga uja anati adzandipatsa mawa. Tsono inu ana anga, amene munapita kusukulu kuposa ine, tandiwerengerani: pakati pa ine ndi amalume anu, anapambana ndani?